Apongozi anga akukana madzi othira mankhwala, akuti achipatala amangodziwa kukalipa. Ndiwalankhule bwanji?

Nabanda_Chikanda

Moni nonse. Ndakhala ndikungowerenga osalemba koma lero nkhani yandikulira. Ine ndimakhala ku Chikanda mu mzinda wa Zomba, tili pa lendi ine ndi bambo akunyumba ndi ana awiri, wamng'ono ali ndi chaka ndi miyezi inayi. Apongozi anga, mayi awo a bambowa, anabwera mwezi watha kuchokera kumudzi cha ku Mayaka kuti adzaonedwe miyendo ndiye tikukhala nawo. Sindikudzawanena ayi, ndi munthu wabwino, ndikapita kumsika kukagulitsa kaunjika mtima umakhala m'malo chifukwa mwana amamulera bwino kuposa ine ndemwe.

Vuto ndi madzi. Mipopi ikauma timatunga pachitsime cha aneba, ndipo amene mukuidziwa Chikanda mukudziwa kuti kuno chimbudzi ndi chitsime zimayang'anizana, mvula ikagwa zonse zimangotsetserekera ku mtsinje wa Likangala. Ine chichokereni kolera uja wa 2022 ndimathira WaterGuard mu ndowa yakumwa, kachivindikiro kamodzi pa malita 20, kudikira mphindi 30 basi. Apongozi akuti madziwo akununkha chipatala ndipo akuwapatsa nseru. Ali ndi kachigubu kawo kuseri kwa chitseko kamene amatungira okha. Dzana ndikuchokera kumsika ndinawapeza akumwetsa mwana madzi a mukachigubu kaja ndi kapu yawo yobiriwira, mtima wanga unangoti myuu.

Ndinagwada ndithu n'kuwauza mwaulemu. Anandiyankha kuti "amake mwana, anthu amene amakupatsani mankhwalawo ndi omwe aja anandiyalutsa ine pagulu." Kufunsa bwinobwino, akuti dzinja la 2023 anapita ndi mdzukulu wawo wina akutsegula m'mimba kuchipatala china chaching'ono, anayenda wapansi mwana ali kumbuyo, kufika kuja namwino anangoyang'ana chitenje chawo n'kunena mokweza kuti agogo kwanuko mumadya manyi eti, anthu onse pa benchi akumva. Mwana anachira, koma chiyambire tsiku limenelo chilichonse chochokera kuchipatala sachifuna, neti imene analandira ikadali mu pepala lake, ngakhale za miyendozi tinachita kuwakoka.

Ndiye mafunso anga ndi awiri. Ndiwalankhule bwanji osayambitsa nkhondo m'nyumba? Ndipo inu azaumoyo amene muli muno, chimakuchititsani n'chiyani kulankhula choncho kwa munthu wamkulu?

Bambo_a_Tadala

Achemwali, nkhani imeneyi musaisenze nokha, amuna anu ndi amene alankhule ndi mayi awo. Mawu omwewo akachokera kwa mtengwa amamveka ngati mwano, akachokera kwa mwana wobereka yekha amamveka ngati kudandaula. Za fungozo, thirani mankhwala madzulo muvindikire bwino, pofika m'mawa limakhala lachepa. Kapena a mwana yekhayo muziwiritsa, ndikudziwa makala akwera koma katipoti kamodzi mukaphula nsima moto ukadalipo sikangakugwetseni.

NamwinoWaUsiku

Nabanda, pepani, ndipo muwapepesere apongozi anu. Ine ndine namwino, ndagwira ntchito zaka zoposa khumi, chipatala sinditchula. Mawu amene anauzidwawo ndi oipa, palibe sukulu ya unamwino imene imaphunzitsa zimenezo. Koma poti mwafunsa kuti chimatichititsa n'chiyani, ndiyankha mmene ndikuzionera, osati kuti ndikuikira kumbuyo mnzangayo.

Nthawi ya kolera ija ine ndinali mu tenti. Mliri unayambira kwa aneba athu ku Machinga mu Malichi 2022, pofika pa 5 Disembala a Pulezidenti Chakwera anaulengeza kuti ndi ngozi ya zaumoyo m'dziko lonse, ndipo unapha anthu oposa 1,700. Chimene chimawawa n'choti kolera munthu akafika msanga n'kulandira madzi, pa anthu 100 amene amamwalira safika n'komwe mmodzi. Koma ambiri ankabwera mochedwa. Munthu wayamba kutsegula dzulo madzulo, chimbudzi chayera ngati madzi otsukira mpunga, abale amugulira fulajilu pa okala, ena amumwetsa zitsamba, akumubweretsa mawa lake pa kabaza maso atalowa, ukamutsina khungu la pamimba likungoima osabwerera, mtsempha woika diripi sukuoneka. Ukufufuza mtsempha ndi tochi ya foni, kumbuyo kwako ena atatu akusanza, iwe sunagone, ndipo ukudziwa kuti akanabwera dzulo ndi Thanzi ORS yekha akanadzuka. Mkwiyo umene umabwera pamenepo kwenikweni ndi mantha, koma potuluka pakamwa umagwera munthu amene ali pafupi, nthawi zambiri gadiyani wosauka amene wayesetsa kale mmene angathere.

Inenso ndinakalipirapo bambo wina, anabwera ndi mwana atafookeratu ndipo ndinamufunsa mokweza kuti munali kuti masiku onsewa. Anangoweramitsa mutu, chipewa chili m'manja akuchipotokola. Pambuyo pake ndinamva kwa mayi ake a mwanayo kuti bamboyo anakhala tsiku lonse akufunafuna wogula nkhuku kuti apeze ya thiransipoti. Tinawauza kuti adzabwerenso tidzamuone mwana, sanabwerenso. Mpaka lero chipewa chija ndimachiona.

Ndinenenso china chimene anzanga sakonda kuchimva. Ifenso zimene timalalikira sitizitsata zonse. Timauza anthu sambani m'manja ndi sopo, koma pali masiku amene pa wodi mpopi ndi wouma, sopo watha, magolovesi akuwerengedwa, ndipo pali masiku enanso amene zonse zilipo koma munthu wangozolowera kudumpha kuchoka pa bedi ili kupita pa linalo. Odwala amaona zimenezo, ali ndi maso. Nthawi ya Covid, katemera woyamba atafika mu Malichi 2021, a Pulezidenti anabayitsa konkuno ku Zomba pa chipatala chongoyembekezera chija cha ku State House, pa 11 Malichi. Azaumoyo tinali m'gulu loyamba kulandira, koma ena mwa ife ankazemba, ankatumizirana ma voice note omwe aja a pa WhatsApp. Mayi wina pa mzere anandifunsa maso ndi maso kuti "inuyo anesi mwabayitsa?" Ine ndinali nditabayitsa ndipo ndinamuonetsa khadi, koma mnzanga pambali panga anangoti zii. Mu Meyi chaka chomwecho boma linawotcha katemera 19,610 amene anapitirira tsiku lake. Anthu wamba okha si amene anachititsa zimenezo.

Wina akakunyozani kuchipatala, funsani ofesi ya ombudsman wa pachipatalapo, ntchito yake ndi kumva madandaulo ngati amenewa. Ambiri amaopa kuti ndikadandaula ulendo wina sadzandithandiza, ndikumvetsa, koma mukangokhala chete munthu uja mawa anyozanso agogo ena.

Che_Matemba

Anesi mwalankhula bwino koma mwasiya chimodzi chachikulu, maliro.

Ine ndimagula nsomba ku Kachulu n'kumagulitsa mutauni muno, kwathu ndi komweko kufupi ndi nyanja. Anthu ankabisa odwala osati chifukwa cha umbuli wokha ayi, ankaopa maliro a kolera. Amjomba anga, alongo awo a mayi, anamwalira mu Januwale 2023. Thupi linabwera litakulungidwa mu pulasitiki, lapoperedwa kolorini, anatiuza kuti osatsegula, osasambitsa, osaphika, kuika lero lomwe. Ife ndife Asilamu, kusambitsa maliro si mwambo wongosangalatsa, ndi udindo umene amoyo ali nawo kwa womwalira. Mayi anga mpaka pano akamakamba amati mlongo wanga anapita ngati katundu. Ndiye m'mudzi nkhani inafala kuti ukapita ku tenti abale ako sadzakuonanso nkhope, enanso anawonjezera zawo zoti akuchotsa ziwalo n'chifukwa chake sakulola kutsegula. Munamva pa wailesi kuti madera ena anthu mpaka anaukira zipatala. Ine sindikuvomereza kugenda azaumoyo, koma ndikudziwa pamene bodza lija linamera, linamera pa pulasitiki yotseka ija imene palibe anatifotokozera.

Patapita masabata angapo m'mudzi woyandikana nafe munagwanso maliro otero, koma kumeneko mlangizi wa zaumoyo anayamba wakhala pansi ndi a shehe ndi a mfumu. Anafotokoza kuti tizilombo timakhalabe m'thupi la womwalira makamaka mu zotuluka m'mimba, ndiye wosambitsa akagwira n'kukagwiranso chakudya, maliro amodzi amabala ena. Anapatsa achibale awiri magolovesi, anawaonetsa nkhope, swala ya maliro inachitika anthu ataima patali pang'ono. Palibe anakangana. Lamulo linali lomwe lija, kusiyana kwake kunali koti wina anatenga mphindi zochepa kulankhula ndi anthu ngati anthu.

Ndipo asodzi musamawaone ngati osamva. Amene amakhala pa zimbowera, tinyumba toyandama m'kati mwa nyanja ya Chilwa, amamwa madzi omwewo, kusamba momwemo, kudzithandiza momwemo, pamadzi chimbudzi ungachikumbe pati? Mu 2016 kunabwera katemera wa kolera wakumwa kunyanjaku, a bungwe la madokotala la MSF ndi a boma, ndipo asodzi a pa zimbowera anamwa woyamba pamaso pa azaumoyo, wachiwiri anawapatsa m'manja kuti akamwe okha pakapita masabata awiri. Anthu anasangalala kuti awakhulupirira, ndinaona ndi maso anga ena atasunga kabotolo kaja mosamala ngati ndalama.

Za neti zokha ndivomere, ambiri kwathu amakokera tinsomba ndi kutchingira mbewu kudimba. Ukawafunsa amati neti imabweretsa nsikidzi, ena amati imafooketsa abambo, koma chenicheni n'choti njala imapweteka lero, malungo ndi a mawa.

Mlangizi_wa_kwa_Jali

Ine ndine HSA, amene m'midzi amangotitchula kuti azaumoyo kapena adokotala a pa sikelo. Ntchito yathuyi mizu yake ili pa kolera yemweyu, akuluakulu athu a m'zaka za m'ma 1970 ankatchedwa ma cholera assistant. Pa pepala aliyense wa ife amayenera kuyang'anira anthu 1,000, ine midzi yanga ndi yopitirira pamenepo ndipo ndimayenda pa njinga yakapalasa. Ndiye agogo ngati apongozi anuwo ndimakumana nawo sabata iliyonse.

Chimene ndaphunzira n'choti mukangoyamba ndi mawu oti "achipatala akuti", mwaluza kale. Kwa iwo chipatala ndi nkhope ya munthu amene anawanyoza uja. Ine ndikafika pakhomo ndi kolorini sindiyamba ndi kuphunzitsa, ndimapempha madzi akumwa. Akandipatsa ndimati agogo ndiloleni ndithiremo kaye mu ndowamu, timacheza za mvula ndi za fetereza mphindi 30 zija zikutha, kenako ndimamwa ineyo woyamba kapu yodzadza iwo akuona. Ambiri amaseka n'kunena kuti tapatseni nane ndilawe. Ena amakanabe, ndimabweranso. Pali agogo ena anandikanira miyezi itatu, lero ndi amene amakalipira adzukulu akapisa kapu yomwera mu mtsuko.

Mafunso amene anthu amafunsa si opusa, kungoti ife timathamanga osawayankha. Poliyo atapezeka mwa mwana ku Lilongwe mu Febuluwale 2022, koyamba chichokereni 1992, tinayenda khomo ndi khomo kudonthezera ana, kenako tinabweranso, n'kubweranso. Mayi amafunsa kuti mwana wanga analandira kale ku sikelo, mwezi watha munamupatsanso, lero mwabweranso, mukufuna chiyani kwa ana athu? Limenelo ndi funso la mayi wosamala mwana wake. Ukamuuza kuti madontho amenewa ulendo umodzi sagwira mwa ana onse, makamaka amene amatsegula m'mimba pafupipafupi, ndiye timabwereza kuti pasatsale mwana amene kachilombo kangabisalemo, amamva n'kukutengera mwana yekha. Koma ukangoti ndi lamulo la boma, ulendo wotsatira upeza chitseko chokhoma ana ali phee m'nyumba.

Chimodzimodzi katemera wa kolera. Che Matemba anena zoona kuti 2016 unali kawiri. Kumapeto kwa 2022 tinkapereka kamodzi, ndipo anthu akunyanja anafunsa kuti bwanji tsopano. Chifukwa chake n'choti katemerayu anachepa padziko lonse, mayiko ambiri anali ndi mliri nthawi imodzi, ndiye mu Okutobala 2022 anagwirizana kuti aliyense azilandira kamodzi kuti afikire ambiri, ngakhale chitetezo chake sichikhalitsa ngati cha kawiri. Amene tinawauza choncho anamvetsa. Amene sanauzidwe anadzipezera okha yankho, ndipo yankho lodzipezera limakhala loopsa nthawi zonse.

Mankhwala a likodzo m'masukulu ndiye amatiphunzitsa chaka ndi chaka. Mapiritsi aja amafuna mwana atadya. Mukawapereka kwa ana amene achoka kunyumba ndi njala, ena amachita chizungulire, ena kusanza, ndipo pofika madzulo mudzi wonse wamva kuti ana akomoka kusukulu. Komwe makolo anauzidwa n'kuphika phala tsiku limenelo, zinthu zimayenda bwino. Dera lathu lino ndi la mpunga, ana amakulira m'madzi, mpaka ena amaona ngati mnyamata kukodza magazi ndi chizindikiro cha kukula.

Ndiye Nabanda, apongozi anuwo musawalande kachigubu, mukatero mwawanyoza kachiwiri. Apatseni udindo. Auzeni kuti amayi, madzi a mdzukulu wanuyu ndikusiyirani inu, muziwiritsa ndi kusunga mu botolo lake. Kuwiritsa sikununkha chipatala, ndi zimene amazidziwa kale. Komanso m'nyumba musasowe paketi ya Thanzi, imodzi pa lita imodzi ya madzi abwino. Ikasowa, masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la kasupuni ka mchere pa lita imodzi, uku mukuthamangira kuchipatala, osati kudikira kuti kuche. Mutha kuimbanso ku Chipatala cha pa Foni, ndi ulere, mwina apongozi angamasuke kulankhula ndi munthu amene sakuwaona chitenje.

Mayi_wa_ku_Matawale

Ine ndisiyane nanu pang'ono. Zonse mwanenazi ndi zabwino koma mwana wa chaka chimodzi sangadikire miyezi itatu kuti agogo asinthe mtima, ino ndi nthawi ya mvula. Pa za mwana, mayi ake ndi amene ali ndi mawu omaliza, ulemu ulipo koma pamenepa limbani. Ndipo tisamangoti zonse ndi anamwino, pali anthu amene ngakhale uwalankhule mokoma bwanji amamvera za kutchalitchi kwawo zoti mankhwala ndi kusakhulupirira, mneba wanga anataya mwana choncho atakana kupita naye, ife tonse tikumuchonderera pakhomo.

Komanso anesi, kutopa ndikukumva, nanenso ndinakhalapo gadiyani milungu iwiri ndikugona pansi pa bedi ndipo ndinaona mmene mumagwirira. Koma ndinaonanso kuti akabwera munthu wovala bwino wolankhula Chingerezi, mawu amasintha nthawi yomweyo, kutopa kuja kumapita kuti? Amene amakalipiridwa ndi wa chitenje chong'ambika.

NamwinoWaUsiku

Amayi a ku Matawale, pamenepo ndilibe choyankha, n'zoona ndipo ndimaziona. Wovala bwino timamuopa chifukwa akhoza kudziwa bwana kapena kulemba pa Facebook. Agogo a ku Mayaka tikudziwa kuti sakatinenera kulikonse. Mawa ndili pa shifiti ya m'mawa, nkhaniyi ndikaikamba pa handover.

Nabanda_Chikanda

Zikomo nonse, ndabwera kudzakuuzani mmene zayendera. Bambo akunyumba analankhula ndi mayi awo Loweruka madzulo ine nditapita dala kwa aneba. Sindikudziwa zonse zimene anakambirana koma nditabwera ndinapeza apongozi maso ali ofiira, akuti anafotokozanso nkhani ya pa benchi ija yonse, ndipo mwana wawo anali asanaimvepo n'kamodzi komwe zaka zonsezi. Ndinawawerengera zimene analemba anesi, makamaka popepesa paja ndi za bambo wa chipewa. Anakhala chete nthawi yaitali kenako anati "ameneyo ndi mwana wa munthu."

Madzi a mwana tsopano akuwiritsa okha m'mawa uliwonse, asankha botolo lawo la malita awiri ndipo salola wina aligwire, ngakhale ine dzulo anandibweza kuti m'manja simunasambe. Kachigubu kawo kakadali kuseri kwa chitseko, a WaterGuard akukanabe, ndiye ndayamba kuwiritsa ambiri kuti mwina tsiku lina adzathiremo owiritsa. Neti ija sindinaiyambe n'komwe. Lachitatu tikupita nawo kukaonetsa miyendo ndipo andiuza kuti ndikalowe nawo limodzi m'chipinda cha adokotala, ndisakawasiye okha pa benchi.